Ndalama zochokera kumudzi zikumathera pa 15, anzanga mwezi mumaumaliza bwanji kuno ku Lusaka?

Tadala K.
Moni nonse akuluakulu. Ndine mlendo pagulu pano, andilowetsa ndi achemwali a Thoko. Kwathu ndi ku Kasungu, ndili chaka choyamba, ndikukhala pa boarding house ina ku Kalingalinga, awiri m'chipinda. Bambo amatumiza ndalama mwezi ukangoyamba. Ndikachotsapo ya nyumba, zotsalazo pofika pa 15 zimakhala zatheratu. Mowa sindimwa, kumagule sindipita, zovala ndi zomwe ndinabwera nazo m'chikwama. Ndikaimba kunyumba akungoti Lusaka yandilowa m'mutu. Inu amene mwakhalitsa kuno mumatani kuti mufike pa 30?

Chikondi wa ku Dedza
Takulandira mchemwali. Tisanayambe kukulalikira, tatiuza kaye: dzulo unadya chiyani kuyambira m'mawa mpaka pogona, ndipo unazigula kuti?

Tadala K.
M'mawa tiyi ndi mabanzi a pa kantemba. Masana tchipisi ndi soseji pafupi ndi sukulu, ndi kabotolo ka zoziziritsa kukhosi. Madzulo ndinagula pamela wa ufa, mulu wa tomato, mazira awiri, timafuta ta m'kapulasitiki ndi timakala tophikira kamodzi.

Chikondi wa ku Dedza
Basi, wakubayo wapezeka, wapolisi asavutike. Chilichonse mwa zimene watchulazo chikuoneka chotchipa chifukwa ukutulutsa ka K5, ka K10, koma ukugula mokwera mtengo kuposa wina aliyense mu Lusaka muno. Mayi wa pa kantemba uja amagula thumba la 25kg n'kuligawa m'timapulasitiki, kalikonse n'kuikapo phindu lake. Mafuta chimodzimodzi, shuga chimodzimodzi, makala chimodzimodzi. Sakulakwa ayi, ndi bizinesi yake, ndipo amathandiza anthu amene alibe yogulira thumba. Koma iwe ndalama zako zimabwera pamodzi kamodzi pamwezi, ndiye ulibe chifukwa chogulira ngati waganyu amene amalandira yake madzulo alionse.

Ine ndimatere. Ndalama zikangolowa, tsiku lomwelo lendi. Mawa lake ufa, chigubu cha mafuta, mchere, shuga, sopo, nyemba, kapenta ndi soya. Ufa ugule wa roller. Wa breakfast ndi woyera inde, koma roller ndi wotsikirako mtengo ndipo amakhalitsa m'mimba, kwa ife okulira mgaiwa palibe chachilendo. Ukapeza wa Eagle wa a Zambia National Service (ZNS) umakhalanso wotsikirako, bola ufulumire chifukwa suchedwa kutha. Thumba lonse kwa mtsikana mmodzi ndi lalikulu, gawanani ndi mnzako wa m'chipinda. Zikakhala m'nyumba zimenezi, ngakhale m'thumba mutauma pa 20 sugona ndi njala, umangosowa zokometsera.

Limbani
Achimwene a Chikondi mwaiwala kumuuza kuti soya wa tsiku la 25 samvekanso ngati nyama 😂

Chikondi wa ku Dedza
Ukamuviika m'madzi otentha, n'kumufinya, n'kumukazinga mpaka afiire usanathire tomato, amadyeka. Inuyo a Limbani mumangomuwiritsa.

Amalume Banda
Mwanawe Tadala, zimene wanena Chikondi n'zoona, koma pali mbali ina imene bambo ako sangaione ali ku Kasunguko. Iwo amawerengera m'makwacha a kumudzi. Mu May 2022 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki akwathu nonse mukukudziwa. Kholo likatumiza chiwerengero chimene linazolowera limaona ngati lachita zazikulu, pomwe pofika kuno ndalamazo zimakhala zitafota. Ndiye ukamakamba nawo usamatchule makwacha a kumudzi. Tenga pepala ulembe m'makwacha a kuno: nyumba mwakuti, magetsi mwakuti, chakudya mwakuti, basi mwakuti, zosindikiza za kusukulu mwakuti. Malisiti uzijambula n'kuwatumizira pa WhatsApp. Munthu wamkulu akaona pepala amasiya kuganiza zoti mwana walowerera.

Chachiwiri ndi katumizidwe. Kaya ndi pa Mukuru, kaya kubanki, kaya kudzera mwa wachibale wochita malonda ku Chipata, funso lofunsa n'lakuti mwanayo alandira zingati m'manja mwake. Ena amachepetsa yotumizira koma n'kukudyerani posintha. Za anyamata osintha ndalama pa Mwami ndi ku Mchinji sindinena zambiri. Mtengo wawo umakoma pakamwa, koma ndalama muziwerenga muli chilili pamaso pawo, ndipo mpukutuwo ukangobwerera m'manja mwawo kuti "tione kaye", muuwerengenso poulandira.

Dalitso wa ku Katete
Ba Tadala mwalandiridwa. Ine ndine wa kuno, ndili pa UNZA, yunivesite ya Zambia, manje ndikuuzeni chimene chimapweteka anzathu ochokera kunja. Ife a pa ngongole ya boma tili ndi ndalama ya chakudya ija timati BC. Inachotsedwa mu 2019, inabwezeretsedwa mu 2023. Tsiku limene yalowa mungadziwe ngakhale osauzidwa: masitolo a East Park adzaza, aliyense wanyamula bokosi la pizza, matakisi a Yango ali pamzere pageti. Inu mukakhala pakati pa gulu lotero mumatsatira, chifukwa n'zovuta kunena kuti ine ndikadya nsima kunyumba. Koma ife tikudziwa kuti ina ilowanso, inu mulibe BC. Anzanga a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe amene ndawaona akuvutika kwambiri, si kuti makolo awo amatumiza zochepa kuposa ena, koma sabata ya BC amadya nafe limodzi.

Chinanso ndi ndalama za pafoni. Kuyambira January 2024 pali msonkho pa ndalama zotumizirana, kuwonjezera pa yomwe amadula mukamatapa pa booth. Mukamatapa K30 lero, K50 mawa, ulendo ulionse akudulani. Tapani kamodzi ya sabata yonse, kapena lipirani ndi foni pamalo pamene amalola.

Tadala K.
Eee ba Dalitso, mwandigwira. Anzanga a m'kalasi akati tiyeni ku East Park ndimachita manyazi kukana.

Madalo
Manyaziwo ndi amene amadula kuposa lendi. Uzingoti ndadya kale. Palibe amene adzakufufuze m'mimba.

Chikondi wa ku Dedza
Njira ina ndi kuphika pamodzi. Ife tili anayi, timasonkha mwezi ukayamba, Loweruka m'mamawa awiri amapita ku msika wa Soweto. Mukatsika basi m'tauni mumangooloka Lumumba Road. Mufike kusanatenthe, nthawi imene magalimoto a alimi akutsitsa katundu, chifukwa tomato, anyezi, kabichi ndi repu amene mumagula ku Kalingalinga masana amachokera komweko. Musagule kwa oyamba a pakhomo, lowani mkati, funsani mitengo kwa angapo. Mukagula zambiri pemphani mbasela, sakana. Amene amaopa chipwirikiti cha ku Soweto, Lachiwiri kuli msika wa ndiwo zamasamba ku Burma Road.

Madalo
Achimwene, apa pokha ndikutsutsani. Kuphika pamodzi kumakoma mwezi woyamba. Ife tinayesa m'nyumba yathu ku Mtendere. Wina ndalama zake zimachedwa mwezi ulionse, amati ndibweza, koma mbale yake imakhala yoyamba. Wina chibwenzi chake chimafika nthawi ya nsima ngati chinachita kuuzidwa. Wina sadya kapenta akuti imamutupitsa, ndiye mugule mazira chifukwa cha iye. Mazira a tireyi yonse kutha osadziwa wadya ndani. Mapeto ake anthu oti munachokera boma limodzi osalankhulana, kumapatsana moni pa status. Bola ndidye ndekha mwamtendere, ngakhale ndiwonjezere pang'ono.

Limbani
Wa chibwenzi chofika nthawi ya nsimayo timamudziwa, ali pagulu pompano, akuwerenga mwakachetechete 😂😂

Amalume Banda
Limbani, pano sititchulana. Pitirizani nkhani.

Chikondi wa ku Dedza
Achemwali a Madalo, zimene mwanenazo zimachitikadi, koma vuto ndi lakuti munasonkherana chilichonse. Ife tinagawa pawiri. Za tonse ndi zouma zokha: ufa, mafuta, mchere, makala kapena gasi, sopo wotsukira mbale, nyemba. Mazira, nyama, mkaka, buledi, aliyense zake. Pakhoma pali kope, wagula chiyani, zingati, walemba. Amene sanasonkhe pofika pa 5 mwezi umenewo aphike zake, ndipo timauzana tisanayambe kuti pasadzakhale kukwiya. Mlendo akabwera, amene wamuitana athire ndiwo zake. Zimaoneka ngati nkhanza, koma ndi zimene zasunga chinansi chathu.

Madalo
Ndi anyamata inu. Tayesani kuuza mtsikana mnzako kuti lero usadye chifukwa sunasonkhe, mawa nkhani ifike kwa mayi ako ku Ntcheu kuti mwana wanu ndi wouma mtima.

Thoko
Onse awiri muli ndi mfundo. Tadala, iwe yamba ndi mnzako wa m'chipinda yekha, ufa ndi makala basi. Mukaona kuti mukumvana muwonjezere zina.

Ine ndikufuna ndinene za malo amene simuyenera kuumira, chifukwa ku Ridgeway kuno, kusukulu ya zachipatala, timaona zotsatira zake. Choyamba ndi madzi. Kolera imene inabuka chakumapeto kwa 2023 n'kufika mu 2024 inadzaza zipatala mpaka bwalo lamasewera la Heroes linasanduka malo ogonekako odwala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Kabotolo ka klorini n'kotchipa kuposa mbale ya tchipisi ndipo kamakhalitsa. Madzi a pachitsime kapena a m'madiramu ogula, thirani klorini kapena wiritsani, makamaka nyengo ya mvula. Chakudya cha m'mbali mwa msewu nthawi imeneyo chipeweni, ngakhale chitatchipa bwanji.

Chachiwiri ndi mbaula. Mu June ndi July kuno kumazizira, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo kuti makala ophikira aja awothenso. Mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsa, ena sadzukanso. Phikirani panja kapena pakhonde, mukamaliza mbaula itsale komweko. Kuzizira kugulireni juzi ndi bulangete la salaula, kaunjika wa kuno.

Chachitatu, kudumpha chakudya. Pali atsikana amene amamwa tiyi yekha tsiku lonse kuti asunge ya tsitsi ndi ya bandulo, kenako kukomoka m'kalasi. Phala la ufa wa roller lothira nsinjiro m'mawa ndi lotchipa kuposa mabanzi ndipo limakufikitsa masana. Mutu ukamapweteka ndi kutentha thupi kayezetseni malungo, musangogula mapiritsi pa kantemba.

Dalitso wa ku Katete
Ba Thoko anena zoona. Pa nkhani ya salaula, musagule tsiku limene atsegula belo ngati mukufuna zotchipa. Tsiku loyamba amasankha a ndalama ndi ogulitsa m'maboutique. Dikirani masiku apite, mulu ukamachepa mtengo umatsika, majuzi amatsalabe. Ndipo juzi gulani mu October kukutentha, osati mu June pamene aliyense akunjenjemera.

Limbani
Za magetsi bwanji simukunena? 2024 ija madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku. Amene anagula nkhuku zambiri kuti asunge mu fuliji ya alandilodi anadyetsa agalu.

Chikondi wa ku Dedza
N'chifukwa chake ndikuti zouma. Kapenta, nyemba, soya, nsomba zouma, mfutso, nsinjiro, izi sizidikira magetsi. Nyama gulani ya tsiku lomwelo mukailakalaka. Nyemba muziviika usiku wonse, m'mawa zimapsa msanga, makala osatha ambiri, ndipo muphike mphika waukulu wodya kangapo, kumangotenthetsa bwinobwino.

Pa mayunitsi a magetsi, musanalowe nyumba funsitsani kuti mita mukugawana ndi ndani. Kwathu kwina tinkasonkha mofanana ndi banja la alandilodi, pomwe iwo ali ndi fuliji yaikulu, sitovu ndi ayironi, ife babu limodzi ndi matchaja. Funsaninso za madzi ndi za zinyalala ngati zili mu lendi momwemo. Nyumba yotchipa ya kutali nthawi zina imadula mukaphatikiza basi ya tsiku ndi tsiku. Tadala uli pabwino, ngati sukulu yako ili mbali ya Great East Road, kuchokera ku Kalingalinga ambiri amangoyenda wapansi.

Madalo
Wapansi masana. Usiku kuchokera ku laibulale musayende nokha ndi laputopu kumsana pofuna kupulumutsa ya galimoto. Sonkhanani atatu kapena anayi mukwere imodzi.

Yamikani (Germany)
Moni amalume, moni nonse. Ndimawerenga mwakachetechete koma iyi yandikhudza. Ndinaphunzira ku Lusaka komweko ndisanabwere kuno kudzachita masters. Chimene ndinapeza kuno n'chakuti boma lawo silikhulupirira kuti wophunzira angasunge yekha ndalama za chaka chonse. Kuti upeze visa umaika ndalama mu akaunti yotsekedwa, kuyambira September 2024 ndi €11,904 pachaka, ndipo banki imakupatsa €992 yokha pamwezi. Ulire, udandaule, sakuwonjezera. Poyamba zimawawa, koma zimakuphunzitsa kuwerenga.

Tadala, ungathe kudzipangira zofanana. Ukachotsa lendi ndi zogula za mwezi, zotsalazo uzigawe panayi. Gawo la sabata ino likhale m'manja, magawo enawo akhale pamalo povuta kuwafikira: pa nambala ina imene suyenda nayo, kapena kwa munthu wamkulu amene umamuopa. Ndalama imene ili pafoni yomwe uli nayo m'manja usiku uli ndi njala siichedwa.

Zina za kuno ndi zomwezo za ku Lusaka, kungosintha mayina. Timagula ku Aldi ndi ku Lidl, timadya ku kantini ya ophunzira, mipando ndi mapoto timatenga kwa amene akumaliza. Botolo la pulasitiki ukalibweza kusitolo amakupatsa 25 cent, ndiye palibe wophunzira amene amataya botolo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ntchito masiku 140 athunthu pachaka, anzathu a ku UK amaloledwa maola 20 pasabata nthawi ya maphunziro. Koma musatengeke ndi zimenezo. Lendi yokha imadya pafupifupi theka kapena kuposa m'mizinda ikuluikulu, ndipo amene amathamangira ntchito kwambiri mayeso amawagwetsa.

Limbani
Achimwene a Yamikani, €992 pamwezi mukudandaula? Tatumizani ya mabotolo yokhayo kuno tione 😂

Yamikani (Germany)
Ndi mawu omwewo amene ndimalandira kuchokera kumudzi sabata iliyonse, aphwanga.

Mai Tembo
Ana anga, ndine kholo, ndinalowa pagulu pano chifukwa ndimasunga ana a asuweni anga a ku Mchinji akamabwera kudzaphunzira. Wanga woyamba ali ku China pa maphunziro olipiridwa ndi boma la kumeneko. Amalandira 2,500 yuan pamwezi, malo ogona ndi aulere, chakudya cha pa kantini ya sukulu n'chotchipa, ndiye zikanamukwanira bwinobwino. Koma taonani zimene achibale amachita. Wina akufuna foni, wina akufuna wigi, wina akuti mwana wadwala. Kwa iwo aliyense amene wakwera ndege ndi bwana. Mwanayo ndi wamanyazi, amatumiza, iye n'kumadya mpunga wopanda ndiwo. Ndinaitana abale onse ndinawauza kuti amene ali ndi vuto abwere kwa ine, mwana musiyeni aphunzire.

Inunso a ku Malawi zimakuchitikirani. Mukamapita kutchuthi mndandanda umabwera: zitenje za ku Kamwala, nsapato, mafuta odzola. Amati tikubwezera ukafika. Ndani anabwezeredwapo? Muziti tumizani kaye ndalama ndikugulireni. Si mwano umenewo. Ndipo makolo anzanga amene mukuwerenga, mwana akakuuzani kuti zinthu zakwera, mufunseni mitengo m'malo momukalipira. Thumba la ufa wa breakfast mu 2024 linadutsa K300 kuno, ife a m'nyumba zathu tinalira, nanga mwana wa eni?

Amalume Banda
Zikomo amayi, mwalankhula ngati kholo. Ndiwonjezere ziwiri zimene sindifuna kumva kuti mwana wa pagulu pano wagweramo.

Kaloba, amene kwathu timati katapila. Amakubwereka msanga, osafunsa zambiri, koma chikole ndi laputopu kapena foni, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimaposa chimene banki ingakudule chaka chonse. Ndalama za kumudzi zikachedwa sabata imodzi, laputopu yapita, ndipo ndi momwe muli ntchito yanu yonse ya sukulu. Pasipoti yokha musayerekeze kuipereka kwa munthu ngati chikole. Mukapanikizika lembani pagulu pano kapena mundiimbire, tiona chochita.

Chiphaso chophunzirira. Ndalama yake muiike padera kuyambira mwezi woyamba, ndipo tsiku limene chikutha mulilembe pakhoma. Masiku ano mumafunsira pa intaneti, likulu la a Immigration lili ku Kent Building pa Haile Selassie Avenue. Musapereke ndalama kwa munthu wapamsewu amene akuti ali ndi mnzake mkati. Chikatha muli chikhalire, zimene mudzawononge pokonza zidzaposa zonse zimene munapulumutsa podya soya chaka chathunthu.

Limbani
Amalume, nanga kubetcha? Pali mnzanga anaika K20 anapeza ya lendi.

Amalume Banda
Mnzakoyo akuuzenso za miyezi imene anaika ya lendi n'kupeza K0. Nkhani imeneyo ithere pomwepo.

Madalo
Kkkk mnzanga, mnzanga. Mnzakeyo dzina lake limayamba ndi L.

Dalitso wa ku Katete
M'malo mobetcha bola chilimba. Ife tili asanu, aliyense amaponya kandalama kofanana mwezi ulionse, mmodzi amatenga zonse. Ine yanga ndinagulira kasilinda ka gasi, mnzanga anagulira matiresi. Koma lowani ndi anthu amene mukudziwa kumene amagona ndi kumene amachokera, ndipo amene akumaliza sukulu chaka chino asakhale woyamba kulandira.

Thoko
Bandulo sitinaikambe. Amene muli pa UNZA gwiritsani ntchito eduroam, Wi-Fi ya pasukulu, mabuku ndi mavidiyo a maphunziro muzitsitsa muli pasukulu. Pa WhatsApp tsekani zoti zithunzi ndi mavidiyo zizilowa zokha, magulu a kumudzi aja amatumiza maulaliki a ola lathunthu. Kuimba kunyumba imbani pa WhatsApp, kuimba mwachindunji ku nambala ya ku Malawi kumameza airtime. Mabuku musathamangire kugula, a chaka chapamwamba ali ndi manotsi ndi mapepala a mayeso akale, apempheni mwaulemu. Zosindikiza sonkhanani, mmodzi asindikize ena ajambule ndi foni.

Chikondi wa ku Dedza
Ndipo pobwera kutchuthi musabwere chimanjamanja. Mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba, nsinjiro, mfutso wa amayi, kabotolo ka Nali, izi zimakusungani mwezi woyamba pamene ndalama zonse zapita ku fizi. Zikhale zochepa zoti aliyense aone kuti ndi zodya mwana wa sukulu. Matumba akuluakulu amabweretsa mafunso pachipata ndipo a basi amalipiritsa katundu. Ufa ndi chimanga musanyamule, malamulo ake amasinthasintha mbali zonse ziwiri. Mtedza mugule ku Chipata kapena ku Katete, nsomba zouma pa Luangwa Bridge basi ikaima, koma muzinunkhize ndi kuzithyola pang'ono muone ngati mulibe tizilombo.

Mai Tembo
Pa Luangwa musagule kwa woyamba kufika pawindo. Tsikani, yendani mpaka kumapeto kwa mzere.

Madalo
Amalume, ine funso langa ndi la maliro. Tonse tikukamba za tomato, koma chimene chimagwetsa bajeti ndi foni ya usiku yoti agogo atisiya. Kuchoka pa depoti ya mabasi ya Intercity kukafika ku Chipata ndi mtunda woposa makilomita 550, kenako kuoloka, kenako basi ina yakumudzi, kupita ndi kubwera. Munthu amakongola pomwepo. Bwanji gulu lino likhale ndi kathumba, aliyense aziponya kochepa pamwezi?

Amalume Banda
Maganizo abwino. Tinayesapo kale, chinavuta ndi wosunga. Ngati mukufuna tiyambirenso, pakhale anthu atatu: wosunga, wolemba, ndi wina woona kuti ziwirizo zikugwirizana, ndipo mwezi ulionse chithunzi cha kope chiziikidwa pano. Thumbalo likhale la maliro ndi matenda basi, osati la lendi. Amene mukugwirizana nazo lembani mayina, tikumane Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Limbani
Ine ndikudzipereka kukhala wosunga.

Madalo
Ayi.

Thoko
Ayi.

Dalitso wa ku Katete
Awe ba Limbani, ngakhale ine wa kuno ndakana 😂 Asunge ba Mai Tembo.

Mai Tembo
Ndisunga, koma kulemba alembe wina, maso anga ndi manambala a pafoni sizigwirizana.

Tadala K.
Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mnzanga wa m'chipinda, wavomera za ufa ndi makala, za mafuta akuti aganize kaye. Pepala la bambo ndilemba usiku uno. Koma mapoto ndili ndi kamodzi kokha, ndiye nyemba ndi nsima zimachita kudikirana. Alipo akugulitsa?

Chisomo
Ine ndikumaliza mwezi wamawa. Ndili ndi mapoto awiri, mbaula, ndowa yokhala ndi chivundikiro, kashelefu ka mabuku ndi matiresi. Zonse zili ku Kalundu, bwera udzaone. Matiresi analankhula kale Limbani koma sanapereke kalikonse.

Limbani
Achemwali a Chisomo, tinagwirizana kuti pa 30.

Chisomo
Munanenanso choncho mwezi watha. Amene afike ndi ndalama m'manja ndi amene anyamule.

Chikondi wa ku Dedza
Tadala, mapotowo ukawagogode pansi ndi kuwayang'anitsa padzuwa ngati sakudontha. Loweruka tikunyamuka 5:30 pa siteji ya pageti la UNZA, ubwere ndi mnzakoyo. Mutenge matumba anuanu ndi ndalama zosinthasintha, foni ikhale m'thumba lakutsogolo. A Madalo, tikugulireni anyezi kapena mudzadzigulira nokha mwamtendere?

Madalo
Ndigulireni wa K30, ndikupatsani pofika. Koma kope lanulo musandilembemo.